Wouza anthu malo abwino odyera ayenera kudzilipirira mbale yake

Nthawi ya cakudya ca masana ikakwana mu mzinda wa Lusaka, anthu zikwizikwi amatuluka m'maofesi, m'masitolo ndi m'magalaji kukafuna nsima. Ena amalunjika ku Matebeto ya ku Thornpark, ena amalowa mu City Market kapena mu msika wa Soweto, ndipo apaulendo amadyera pa siteshoni ya Intercity uku akuyembekezera basi ya ku Chipata kapena ku Lundazi. Ambiri mwa anthu amenewa saona pamene cakudya cao caphikidwira. Amangolandira mbale, nalipira, nabwerera ku nchito.

Cimene cimawatsogolera posankha malo ndi mau a anthu ena. Kale mau amenewa anali a mnzako wa ku nchito, a dalaivala wa minibasi kapena a mlamu amene anayamba kufika m'tauni. Masiku ano kwabuka anthu amene adzipatsa okha nchito yoyendera malo odyera a m'dera lao ndi kuuza anzao zimene apeza, ena pa wailesi za m'madera, ena kudzera pa lamya za m'manja. Anthuwa sanalembedwe nchito ndi khonsolo, ndiponso si a unduna wa zaumoyo, koma mau ao angathe kudzaza malo odyera kapena kuwasiya opanda munthu.

Nkhani ino ifotokoza kumene nchito imeneyi inacokera, mmene iyenera kucitikira, ndi cimene cimasiyanitsa woyendera wodziimira payekha ndi munthu wotsatsa malonda.

Kumene nchito imeneyi inayambira

Mwambo woyendera malo odyera ndi kulemba zimene wapeza unakula limodzi ndi maulendo a pa galimoto. M'caka ca 1900, abale awiri a ku France, a André ndi a Édouard Michelin, amene anali ndi kampani yopanga matayala, anatulutsa kabuku kothandiza oyendetsa galimoto kudziwa kumene angapeze mafuta, amakanika, malo ogona ndi cakudya. Colinga cao cinali cakuti anthu aziyenda kwambiri, matayala azitha, malonda aziyenda. M'caka ca 1926 bukuli linayamba kupereka nyenyezi ku malo ophika bwino, ndipo mu 1931 nyenyezizo zinafika pa zitatu. Kufikira lero, anthu amene kampaniyi imawatuma kukalawa zakudya sadziulula kuti ndi ayani, ndipo amalipira cakudya conse cimene adya.

Ku America, nchitoyi inayambidwa ndi anthu wamba. A Duncan Hines anali wamalonda woyendayenda amene ankadya m'njira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ankalemba m'kabuku malo amene anapeza cakudya cabwino ndi khichini yaukhondo. Pa Khirisimasi ya 1935 anatumizira anzao mndandanda wa malo 167. Anthu ofuna mndandandawo atacuruka, mu 1936 anautulutsa monga buku. M'bukumo sankalola eni malo odyera kutsatsa malonda ao, cifukwa ankadziwa kuti owerenga akangoona zimenezo sadzakhulupiriranso mau ao.

Mu 1979, a Tim ndi a Nina Zagat, banja la maloya a mu mzinda wa New York, anayamba njira ina. Anapempha anzao kuti aliyense apereke mamalikisi ku malo amene amadyako, ndipo anaphatikiza mayankho onse m'kabuku kamodzi. Maganizo ao anali akuti pakamwa pambiri pamanena zoona kuposa pakamwa pamodzi.

Citsanzo cimene cimaphunzitsa kwambiri ndi ca mai Ruth Reichl, amene ankalemba za malo odyera m'nyuzipepala ya New York Times kuyambira 1993 mpaka 1999. Atadziwa kuti cithunzi cao capacikidwa m'makhichini ambiri a mu mzindawo, anayamba kuvala mawigi ndi zovala zacilendo, ndi kugwiritsa nchito maina ena. Mu 1993 analemba za malo ena ochuka m'zigawo ziwiri. Cigawo coyamba cinafotokoza mmene anawalandirira pamene ankaoneka ngati mai wamba, ndipo caciwiri cinafotokoza mmene anawalandirira atawazindikira. Malo anali amodzi, koma tebulo, ulemu ndi cakudya zinasiyana kutali.

Anthu a Michelin sanafikebe ku Zambia kudzapereka nyenyezi ku malo odyera, ndipo mai wophika nsima mu msika wa Kapata ku Chipata sakuyembekezera kuti adzawaona. Pa cifukwa ici, nchito youza anthu zoona za malo odyera m'dziko lino yatsalira m'manja mwa anthu a m'dera lomwelo.

Vuto la mbale yaulere

Atolankhani a m'dziko lino amalidziwa bwino liu lakuti blalizo, kutanthauza kandalama kamene amapatsidwa mtolankhani pambuyo pa msonkhano kuti nkhani ituluke bwino. Ku malo odyera blalizo imabwera pa mbale. Mwini malo amaitana woyendera, namukhazika pa tebulo labwino, namubweretsera nyama yosankhidwa ndi zakumwa, ndipo pocoka amamuuza kuti asavutike ndi kulipira.

Wolemba nkhani ino anazionera yekha zimenezi zaka zingapo zapitazo. Malo ena atsopano mu Lusaka anaitana atolankhani pa tsiku lotsegulira. Nsomba inali yodzaza mbale, ndiwo za masamba zinali za mitundu isanu, ndipo madzi ofunda osamba m'manja ankabwera pa tebulo pamodzi ndi sopo. Patapita masabata awiri, wolembayu anabwererako ndi banja lake popanda kuuza aliyense. Anadikira nthawi yoposa ola limodzi, nsomba inali yaing'ono ndipo inali yocita kutenthetsanso, ndiponso pa malo osambira m'manja panalibe sopo. Akanaulutsa zimene anaona pa tsiku loyamba lija, akananamiza omvera ngakhale kuti mau ake onse akanakhala oona.

Mbale yaulere imaononga m'njira ziwiri. Coyamba, cakudya cimene woyendera wapatsidwa sicimene munthu wamba adzapatsidwa mawa lake. Caciwiri, mwambo wathu sulola munthu kunyoza cakudya cimene wapatsidwa monga mlendo. Kuyambira ali mwana, Mzambia amaphunzitsidwa kuthokoza dzanja limene lamudyetsa. Ulemu umenewu ndi wabwino pa mudzi, koma umamanga pakamwa munthu amene nchito yake ndi kunena zimene wapeza. Amene walipira ndi ndalama za m'thumba mwake ndi wogula, ndipo wogula ali ndi ufulu wodandaula.

Conco woyendera wodziimira payekha amafika mwakacetecete monga wogula wina aliyense, amaitanitsa zimene zili pa mndandanda wa tsikulo, amalipira, ndipo amasunga lisiti. Ngati kunali kosatheka kukana kuitanidwa, monga pa phwando lotsegulira malo, amauza anthu poyera kuti cakudyaco sanalipire, kuti iwo adziweruzire okha kulemera kwa mau ake.

Ukhondo uyamba, kukoma kutsatira

M'maiko ena woyendera malo odyera amathera nthawi yake pa kakomedwe ka msuzi. Kuno kwathu pali nkhani yaikulu kuposa imeneyo. Mliri wa kolera umene unalengezedwa mu Lusaka mu October 2017 unayambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, ndipo pofika mu May 2018 unali utadwalitsa anthu 5,905 ndi kupha anthu 114 m'dziko lonse. Boma linatulutsa lamulo la Statutory Instrument nambala 79 ya 2017, asilikali anatumizidwa kukayeretsa mzinda, malonda a m'miseu analetsedwa, ndipo misika ndi malo ena odyera anatsekedwa. Ena mwa malo otsekedwawo anali akuluakulu, a magalasi owala ndi maina odziwika.

Mliri umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa kuciyambi kwa January 2024 anatsegulidwa pa 12 February.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena mu 2015 kuti caka ciliconse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala cifukwa ca zakudya zoipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa amenewa, anthu oposa 91 miliyoni odwala ndi 137,000 omwalira ndi a cigawo ca Africa. Ziwerengero zimenezi zikuonetsa kuti wouza anthu kodyera akugwira umoyo wa anzake m'manja.

Woyendera alibe makina opimira tizilombo, koma ali ndi maso ndi mphuno. Cinthu coyamba kuyang'ana ndi malo osambira m'manja, popeza nsima timadya ndi manja. Payenera kukhala madzi oyenda, a pa mpopi kapena a m'ndowa yokhala ndi kampopi, ndiponso sopo. Beseni limodzi limene anthu onse amaviikamo manja ndi njira ya matenda. Caciwiri ndi cimbudzi. Malo amene asiya cimbudzi ca ogula cili cauve sangakhulupirike pa khichini imene ogula saiona. Cacitatu ndi gwero la madzi. M'makomboni ambiri a Lusaka, zitsime zosazama zili pafupi ndi zimbudzi zokumba, motero n'koyenera kufunsa ngati madzi akumwa ndi otsukira mbale ndi owiritsa kapena othiridwa klorini.

Kenaka pali kasungidwe ka cakudya. Malangizo a bungwe la World Health Organization amati cakudya cophika cisakhale pa mtetete kupitirira maola awiri, cotentha cisungidwe pa madigiri oposa 60, ndipo cozizira pa madigiri osafika 5. Amatinso nyama yaiwisi isakhudzane ndi cakudya cophika kale. Nkhuku yokazinga imene yakhala m'kabati ya galasi kuyambira m'mawa, mpeni umodzi wodulira nyama yaiwisi ndi tomato wa pa mbale, kapena munthu mmodzi wolandira ndalama ndi kuomola nsima osasamba m'manja, zonsezi zimaoneka kwa munthu wodekha. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto la magetsi nalonso limalowa m'khichini. Cilala ca 2024, cimene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 February caka cimeneco, cinacepetsa madzi mu nyanja ya Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Firiji ikazima, nyama imasungunuka, ndipo magetsi akabwera imaumanso ngati palibe cimene cacitika. Kufunsa mwini malo mmene amasungira nyama magetsi akazima si mwano.

Gwero la nyama liyeneranso kufunsidwa. Mu 2011, anthu oposa 500 m'boma la Chama anadwala matenda a anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha, ndipo mu 2023 matendawa anabukanso m'zigawo zambiri za dziko. Nyama yochipa modabwitsa, imene mwini malo sangathe kunena kumene anaigula, si yoyenera kuitamanda pamaso pa anthu.

Zimene malamulo anena

Woyendera sakulowa m'malo mwa boma. Mphamvu yopima ndi kutseka malo odyera ili ndi akuluakulu oyendera zaukhondo a makhonsolo ndi a unduna wa zaumoyo, mogwirizana ndi lamulo la Public Health Act, mutu 295 wa malamulo a Zambia, ndi lamulo la Food Safety Act nambala 7 ya 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Food and Drugs Act. Malo odyera ayenera kukhala ndi cilolezo ca zaumoyo cocokera ku khonsolo, ndipo anthu ogwira cakudya ayenera kupimidwa ku cipatala ndi kukhala ndi ciphaso cimene cimakonzedwanso pa miyezi 6 iliyonse. Woyendera angathe kuona ngati mapepala amenewa apacikidwa poonekera ndiponso ngati masiku ake sanathe.

Pa nkhani ya mitengo, lamulo la Competition and Consumer Protection Act nambala 24 ya 2010 limafuna kuti mitengo ilembedwe poonekera, ndipo limaletsa kulipiritsa wogula ndalama zoposa mtengo wolembedwa. Madandaulo otere amapita ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission. M'mahotela ndi m'malo odyera akuluakulu, pa bilu pamabweranso msonkho wa VAT wa 16 peresenti ndi ndalama ya 10 peresenti imene iyenera kupita kwa anchito. Woyendera wabwino amauza anthu ngati mtengo wa pa mndandanda ukuphatikiza kale ndalama zimenezi, kuti bambo wopita ndi banja lake asakacite manyazi bilu ikabwera.

Maiko ena anapeza njira yakuti wogula aone yekha zimene oyendera a boma anapeza. M'madera ambiri a ku Britain, malo odyera amapatsidwa nambala ya ukhondo kuyambira 0 mpaka 5. Ku Wales kuyambira 2013, ndi ku Northern Ireland kuyambira 2016, lamulo limakakamiza mwini malo kumata nambalayo poonekera. Mzinda wa New York unayamba kupereka zilembo A, B ndi C mu 2010. Kumene wogula sapeza cizindikiro cotere pa khomo, amadalira kwambiri mau a mnzake amene anafikako, ndipo n'cifukwa cake mauwo ayenera kukhala oona.

Kuweruza cakudya cathu ndi muyeso wathu

Colakwa cimene oyendera ambiri atsopano amacita ndi kuyesa malo onse ndi muyeso wa hotela. Mai wophika pa mbaula mu msika sangaweruzidwe cifukwa cosowa nsalu ya pa tebulo. Funso loyenera ndi lakuti kodi malowo akupereka zimene analonjeza, pa mtengo umene analemba, mwaukhondo.

Cakudya cathu cili ndi miyeso yake imene aliyense wokulira pa nsima amaidziwa. Nsima yabwino ndi yopsa, yopanda timibulu ta ufa, ndipo imafika pa tebulo ikutentha. Ndiwo zotendera, kaya ndi cibwabwa, kalembula kapena bondwe, ziyenera kumveka nshawa zatsopano, zosawawa ndi zosanunkha nkhungu. Nkhungu si nkhani ya kakomedwe cabe. Mu August 2024 unduna wa zaumoyo unacenjeza dziko za poizoni wa aflatoxin amene anapezeka mu ufa wa zigayo zina, ndipo poizoni ameneyu amacokera ku nkhungu ya pa cimanga ndi nshawa zosungidwa pa cinyezi. Delele liyenera kutelera popanda kucurukitsa soda. Mafuta ophikira, amene ambiri amati saladi, akada ndi kukazingira kambirimbiri amamveka pa lilime ndiponso pa cifuwa.

Pali malo amene amalemba nkhuku ya kumudzi koma napereka nkhuku yoikira mazira imene yakalamba. Pali amene amati kapenta ndi wa ku Mpulungu pamene ndi wa ku Siavonga, ngakhale kuti awiriwa amasiyana kukula, kakomedwe ndi mtengo. Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, boma limaletsa kupha nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti ziswane, motero nsomba yaiwisi ya pa nthawi imeneyo iyenera kukhala ndi gwero lomveka, monga nsomba zoweta za ku Siavonga. Woyendera wodziwa zinthu zimenezi amathandiza ogula kuposa amene amangonena kuti cakudya cinali cokoma.

Nchitoyi ilinso ndi mbali yokondweretsa. Woyendera ndiye amauza mzinda za gogo amene cikanda cake cimatha nthawi ya masana isanakwane, kapena za kamalo ka m'mbali mwa mseu wa Great East kamene kamakonza bwino vinkhubala ndi thobwa. Malo otere alibe ndalama zotsatsira malonda, ndipo mau amodzi oona amawabweretsera ogula.

Mau angathe kupha malonda

Malo ambiri odyera m'misika yathu amayendetsedwa ndi azimai amene amadzuka m'bandakuca kukagula ndiwo ku Soweto, ndipo phindu la tsikulo ndilo limalipira lendi ndi kudyetsa ana. Mau oipa amodzi ofalitsidwa kwa anthu zikwi angathe kutseka malo amene mai anawamanga kwa zaka khumi. Pa cifukwa ici, ufulu wa woyendera umayendera limodzi ndi cilungamo.

Ulendo umodzi sukwanira. Wophika angathe kudwala, madzi angathe kusowa, makala angathe kucedwa. Anthu odziwa nchitoyi amapita kawiri kapena katatu, pa masiku ndi nthawi zosiyana, asananene ciliconse. Malo ongotsegulidwa kumene amawapatsa masabata angapo kuti akhazikike.

Woyendera amanena zimene waona yekha. Mwambi uja wakuti kandimverere anakanena za m'maluwa ukugwira nchito pano, cifukwa mphekesera zambiri za malo odyera zimayambitsidwa ndi opikisana nao pa malonda kapena wanchito amene anacotsedwa. Kunena kuti pa malo osambira m'manja panalibe sopo pa masiku awiri amene anafikako ndi umboni. Kunena kuti malo akutiakuti amadwalitsa anthu ndi mlandu umene ufunika umboni wa cipatala, popeza matenda a m'mimba angathe kuonekera patapita maola ocepa kapena masiku angapo, ndipo nthawi zambiri cakudya comaliza kudya sindico cimene cadwalitsa munthu.

Malamulo a dziko lino, kuphatikizapo Defamation Act, mutu 68, amalola munthu amene mbiri yake yaipitsidwa kukasuma ku bwalo la milandu. Cimene cimateteza wolemba ndi coonadi ca zimene wanena, ndiponso maganizo oona mtima ozikidwa pa zinthu zocitikadi. Apa ndi pamene lisiti, tsiku ndi nthawi zolembedwa m'kabuku zimathandiza.

Asanafalitse colakwa cacikulu, woyendera ayenera kuuza mwini malo ndi kumva mbali yake. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo eni malo ambiri amakonza zinthu akauzidwa mwaulemu. Ngati colakwaco cikuika moyo wa anthu pa ngozi, monga nyama yoola kapena madzi a m'cimbudzi osefukira ku khichini, malo oyamba kupita ndi ofesi ya zaumoyo ya khonsolo, cifukwa ndiyo ili ndi mphamvu yocitapo kanthu tsiku lomwelo. Ndipo malo amene akonza zolakwa zao ayenera kuyenderedwanso kuti anthu auzidwe za kusinthako.

Ndalama zoyendetsera nchito

Funso lovuta kwambiri ndi la ndalama. Kudya m'malo atatu kapena anai pa mwezi, maulendo awiri pa malo alionse, kuonjezerapo ndalama ya basi, ndi katundu wolemera kwa munthu wa malipiro wamba. Apa ndi pamene ambiri amagwera, nayamba kulandira mbale zaulere, kenaka ndalama.

Pali njira zimene zimasunga ufulu. Ena amagwirizana anthu asanu kapena khumi a m'dera limodzi, monga mmene amacitira pa cilimba, aliyense nalipira cakudya cake ndi kubweretsa zimene waona, ndipo malo amaweruzidwa pokhapokha anthu atatu atafikako. Mutu umodzi susenza denga, ndiponso n'kovuta kugula pakamwa pa anthu khumi. Ena amalandira thandizo kucokera ku malonda osakhudzana ndi cakudya. Ena amangocepetsa ciwerengero ca malo amene amayendera kuti cigwirizane ndi thumba lao.

Kulandira malipiro potsatsa malo odyera si mlandu, koma ndi nchito ina, ndipo iyenera kuchulidwa ndi dzina lake. Pa wailesi, omvera amadziwa pamene nkhani zathera ndi pamene malonda ayambira. Malire omwewo ayenera kuoneka kwa aliyense wouza anthu kodyera. Woyendera sayeneranso kuweruza malo a m'bale wake, a mnzake wa ku chalichi kapena a munthu amene ali naye ngongole, popanda kunena za ubale umenewo.

Zimene wogula ayenera kufunsa

Kwa inu amene mumamva kapena kuwerenga ndemanga za malo odyera, pali mafunso ocepa amene angakuthandizeni. Kodi wolankhulayo analipira yekha cakudyaco? Kodi anafikako kangati, ndipo eni malo anamudziwa? Kodi wanenapo za madzi, sopo ndi cimbudzi, kapena wangotamanda kukula kwa nyama? Kodi munamumvapo akunena kuti malo ena sanamukondweretse? Munthu amene malo onse amawatamanda sakukuuzani kanthu.

Nyengo ya mvula ikamayandikira, pamene kolera imakonda kubuka, mafunso amenewa amakhala ofunika koposa. Amene waona zoopsa pa malo odyera akulimbikitsidwa kudziwitsa ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya dera lake kapena cipatala ca pafupi, ndipo amene wayamba kutsegula m'mimba kwambiri ayenera kumwa madzi a ORS ndi kuthamangira ku cipatala mosacedwa.